Abiti Wadi Aleka Kuthira Mchere

Ku Lungwena mukafunsa kuti wodziwa kuphika ndani, ngakhale amene sayankhulana naye akulozerani kwa Zakia, amene akuluakulu amamutcha Abiti Wadi. Ukwati, sadaka, phwando la Idi, zonse zinkadikira dzanja lake. Azimayi ena pothira mchere amalawa kawiri katatu, nkhope ili gwa ngati akulemba mayeso. Zakia ankangotapa ndi zala zitatu, kuwaza, kuvundikira mphika n'kupita kukachita zina. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu mwamuna wake, Che Uladi, sanapemphepo mchere wapambali, ndipo ankanena poyera kuti iwo anakwatira zala zitatuzo, munthuyo anangobwera ngati basela.

Ndiye chaka chatha miyendo ya Che Uladi inayamba kutupa. Nsapato zawo zopitira kumzikiti zinakana kulowa, iwo n'kunena kuti nsapato za masiku ano zimafota. Kenaka kunatupa m'zikope, ndipo pamenepo anasowa womunamizira. Zakia anawatengera kuchipatala cha ku boma, kumene anawatenga magazi.

Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wachitatu, woyankhula mosazungulira.

"Bambo, impso zanu zatopa. Impso ndi sefa ya thupi, ndiye yanuyi yayamba kutsekeka. Pali zinthu ziwiri zoti muzithawe. Choyamba ndi mchere, chifukwa umasunga madzi m'thupi n'kumathamangitsa magazi. Chachiwiri ndi potaziyamu. Ameneyo saoneka, samveka pa lilime, koma akachuluka m'magazi mtima umangozima ngati injini ya boti."

"Amapezeka kuti ameneyo?" anafunsa Che Uladi, ngati akufuna kukakambirana naye pamasom'pamaso.

"M'nthochi, m'mapeyala, m'tomato, m'mbatata ya kachewere."

Apa Che Uladi anagwira pachifuwa, chifukwa kachewere ankamukonda kuposa abale awo ena.

"Mubwerenso pakatha mwezi," anapitiriza dokotala. "Manambala akapanda kutsika, ndikutumizani ku Blantyre, ku makina osefa magazi. Kumeneko si kopita lero n'kubwerako mawa."

Pobwerera Zakia anali ndi mantha. Che Uladi anabadwira pamchenga, anakulira m'bwato, ndipo ku Blantyre anapitako kamodzi n'kubwerako tsiku lomwelo, akuti kulibe mpweya. Munthu wotere kukamugoneka pambali pa makina, kutali ndi maukonde ake, n'chimodzimodzi kumuika m'manda akupenya. Zakia analumbira chamumtima kuti ku Blantyreko mwamuna wake sapita, zivute zitani.

Vuto linali pepala la malangizo limene anawapatsa, chifukwa linali m'Chingerezi. Zakia amawerenga Chiarabu cha ku madarasa ndi manambala a pafoni, basi. Choncho anaitana a Howard, mkulu wa mpingo wa Angilikani amene anapuma pa ntchito ya zaumoyo, munthu wa mano anayi, tayi imodzi ndi njinga yolira ngati nkhanga. A Howard anakondwa kwambiri, pakuti chipumireni pa ntchito panalibe amene anawafunsapo nzeru. Anayamba kubwera tsiku ndi tsiku, ngakhale pepalalo linali limodzi lomwelo.

"Soseji ayi," anawerenga tsiku loyamba, magalasi ali pamphuno. "Poloni ayi. Nsomba za m'chitini ayi. Timakyubu tokometsera ndiwo ayi, timeneti ndi mchere wovala suti. Kapaketi ka zokometsera kopezeka m'masoya kaja muzitaya. Makirisipi..."

"Amenewo timagulira adzukulu," anadula Che Uladi.

"Adzukulu ake ati, poti onse ali ku Nkope?" anafunsa Zakia.

A Howard anatsokomola n'kupitiriza. "Za therere pepala silikudziwa, koma ine ndikuuzeni. Soda ndi m'bale wake wa mchere. Chidulo, popeza ndi madzi a phulusa, ndiye kwawo kwenikweni kwa potaziyamu. Zonse ziwiri muzisiye."

"Tandionerani bwino, a Howard," anatero Che Uladi. "Mpweya nawonso uli pamenepo?"

Pa kachewere pokha pepala linali ndi chifundo pang'ono. Linati mbatata azisenda, azidula tizidutswa ting'onoting'ono, aziwiritsa m'madzi ambiri, kenaka madziwo azitaya. Athire ena, awiritsenso, atayenso. Potaziyamu wambiri amachoka ndi madziwo, ndipo chotsalacho wodwala angadye kambale kakang'ono, kopanda mchere.

"Kutaya msuzi?" anafunsa Zakia, poganiza kuti mano anayi aja asokoneza mawu.

"Kawiri," anatero a Howard.

Kubadwa kwake konse Zakia anali asanatayepo msuzi. Msuzi ndiye ndiwo, zinazo n'zongoperekeza. Tsiku loyamba anaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali mphika uli m'manja, akuyang'ana uku ndi uku kuti wina asamuone, kenaka anatsinzina n'kukhuthula. Abakha ake ndi amene anapindula. Pomatha masiku atatu anali atadziwa nthawi, ndipo akangomva chivundikiro ankafola kuseri kuja ngati odwala pa windo la mankhwala.

Chotuluka mumphikamo chinali mbatata yoyera, yofewa, yopanda mlandu uliwonse, komanso yopanda kukoma kulikonse. Che Uladi ankaidya akuyang'ana kudenga. Zakia zinkamupweteka kuposa iwo, chifukwa munthu wodziwa kuphika kuti aphike zoipa mwadala pamafunika kulimba mtima. Koma pofika sabata yachiwiri zikope zinaphwa, ndipo nsapato imodzi, yakumanzere, inalowa.

Mwana wawo Latif, amene ali ku Joni, atamva za matendawa anatumiza kabotolo ka mchere wapadera, akuti wa anthu othamanga magazi. Che Uladi anakalandira ndi manja awiri, maso akuwala. A Howard anatembenuza kabotoloko, anawerenga timalemba takumbuyo, n'kupukusa mutu.

"Umu anachepetsamo mchere weniweni n'kudzazamo potaziyamu. Kwa ena ndi wabwino. Kwa inu, Che Uladi, ndiye kuti mwathawa ng'ona n'kukakwera pamsana pa mvuu."

Zakia anakabisa kabotoloko pansi pa sutikesi, ndipo Che Uladi sanawayankhulitse a Howard masiku awiri.

Zinthu zikadapitirira choncho bwenzi nkhani palibe. Koma amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo amene anafika anali Abiti Sumani, mlongo wawo wa Che Uladi wa ku Chowe. Kalumo kawo kanali kometera anthu osapempha. Anabwera kudzaona matenda, chitenje chili m'chiuno, kachikwama kali m'khwapa, ndipo lisanathe tsiku anali ataona zinthu zitatu. Anaona miyendo ya achimwene awo. Analawa ndiwo n'kupeza kuti mulibe mchere. Anaonanso njinga ya a Howard itatsamira mtengo wa mango.

Tsono kuno aliyense amadziwa, ngakhale amene amati sakhulupirira, kuti mchere uli ndi malamulo ake. Mkazi amene wayenda njira zokhota sathira mchere m'ndiwo, chifukwa akathira mwamuna amadwala tsempho, matenda amene pa Chiyao amati ndaka. Ndipo tsempho amamudziwira pati? Kutupa miyendo ndi nkhope. Kwa Abiti Sumani nkhani inali itatha kale. Mlamu wawo anayenda, anathira mchere, achimwene anatupa, ndipo tsopano mantha amugwira waleka kuthira. Za impso anati n'zonena achipatala akasowa chonena.

Sanamufunse Zakia kanthu. Anangopita kukatunga madzi kumjigo, iwo amene kwawo satunga.

Zakia anazimva patapita masiku awiri, kwa mnzake wogulitsa naye usipa. Poyamba anaseka mpaka kukhala pansi. Kunena zoona, kamtima kena kanakondwerako, kuti pa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, ndi adzukulu asanu ndi anayi, anthu akadamuganizirabe zoterezi. Chimene chinamupsetsa mtima ndi mwamuna amene anamusankhira.

"A Howard?" anatero. "Lungwena yense amuna atha? Akadati mwini maboti wa ku Nkope uja bola, munthu n'kumayenda mutu uli m'mwamba."

Koma kusekako sikunakhalitse. Panali ukwati wa mwana wa shehe, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire sanamuitane kukaphika. Azimayi amene anawaphunzitsa yekha kukazinga anyezi ankamupatsa moni akuyang'ana kumbali. Zimenezi zinamulasa, ndipo tsiku lina analira ali m'dimba, pakati pa mabedi a mpiru, pamene panalibe womuona.

Chomudabwitsa chinali chakuti Che Uladi sankanena kanthu. Ndipo chomudabwitsa kwambiri chinali chakuti nsapato yakumanzere ija inakananso. Zakia ankasenda, kudula, kuwiritsa, kutaya, abakha akunenepa, koma miyendo inali ikubwerera kumene inachokera. Che Uladi okha ndi amene ankaoneka osangalala. Ankadya mbatata yawo yopanda mlandu ija osayang'ananso kudenga, ngati munthu amene wadya kale kwina.

Lachitatu lina Zakia ananyamula khasu, anatsazika kuti akupita kudimba, anazungulira kuseri kwa mzikiti n'kubwerera. Anawapeza Che Uladi ndi Abiti Sumani kuseri kwa nyumba, pamalo pa abakha paja. Che Uladi anali atakhala pamtondo, mbale ya therere la chidulo ili pamiyendo, zala zikuyenda mwachangu. Pambali pawo panali kapu ya madzi a mizu, mankhwala a tsempho, ndipo m'mphepete mwa kapuyo munali mutayera. Zakia anapaka chala n'kulawa. Unali mchere wokwanira kufutsira usipa wa bwato lonse.

"Alamu, mukufuna kundiphera munthu?"

Abiti Sumani sanatekeseke. "Ine ndikuchiza amene inu mwamudwalitsa."

"Dokotala ananena kuti..."

"Dokotala wanu wa njinga uja timudziwa."

Zakia anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Latif, inu mukuti bwanji?"

Che Uladi anayang'ana therere, anayang'ana mlongo wawo, n'kuti, "Mmm." Mawu amenewa amawagwiritsa ntchito amuna ambiri a kunyanja akafuna kuti mphepo idutse yokha. Zakia anawamva ngati khofi.

"Ngati muli woyera, nkhani ndi yapafupi," anatero Abiti Sumani. "Lachisanu, anthu akatuluka ku mapemphero a Juma, muphike. Muthire mchere ndi dzanja lanu pamaso pa ankhoswe, achimwene adye. Wopanda mlandu saopa mchere."

Lachisanu pakhonde panadzaza. Ankhoswe anali awiri okha, koma anthu ongodutsa anali oposa makumi awiri, ndipo onse anatopa pakhomo pomwepo. A Howard anabweranso kuti adzachitire umboni, atavala tayi yawo, pepala lili m'thumba la malaya. Mwatsoka anali atakumbukira kuti mandimu amathandiza chakudya chopanda mchere, ndiye anabwera ndi kajumbo ka mandimu n'kukapereka kwa Zakia ndi manja awiri, pamaso pa anthu onse.

"Mwaona?" ananong'ona Abiti Sumani, manong'onong'o omveka mpaka kumsewu. "Mpaka mphatso."

Zakia anaphika monga mwa masiku onse. Anasenda, anadula, anawiritsa, n'kukataya madzi. Pamene ankataya kachiwiri azimayi ena anagwira pakamwa, ndipo mmodzi anati munthu wotaya msuzi chonchi angathe kuchita chilichonse. Kenaka mphika unaikidwa pakati pa bwalo, ndipo Abiti Sumani anaika pambali pake kambale ka mchere.

Nkhoswe wamkulu, bambo wofatsa amene ankaoneka kuti akadakonda kukhala kwina, anati, "Abiti Wadi, tithandizeni, nkhaniyi ithe. Thirani."

Zakia anagwada. Zala zitatu zija zinapita zokha m'kambale n'kutapa muyezo wake weniweni, osachuluka osachepa. Zinali zitausowa mcherewo, ndipo iye anamva kukoma kwake m'zala momwemo.

A Howard anasendera pafupi n'kunena chapansipansi, "Mayi, katsiku kamodzi sikangaphe munthu. Thirani, anthuwa apite."

Zinali zoona, ndipo Zakia ankadziwa. Koma ankadziwanso mudzi wake. Akathira lero, mawa adzaletsedwa ndi chiyani? Tsiku limene adzalekenso, kumjigo adzati wayambiranso. Ndiye kuti azithira tsiku lililonse kuti dzina lake likhale loyera, ndipo Che Uladi azidya mokondwa mpaka tsiku lokwera basi ya ku Blantyre. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti abwerere kwa dokotala. Anayang'ana miyendo ya mwamuna wake, yonenepa ngati mitondo, itakanikizana m'mapatapata obwereka.

Anabweza mchere uja m'kambale, n'kupukuta zala pachitenje.

"Alamu, zala izi sizinaiwale ntchito yake. Koma sindithira, lero kapena mawa. Mukanene kumjigo kuti ndine wa a Howard. Mukanene kuti ndine wa Lungwena yense, ndi ku Nkope komwe. Dzina langa ndi limene lipite ku Blantyre, bambo awa atsale pano."

"Ine ndimafuna ndinene kuti sindinayambe..." anayamba a Howard.

"Khalani chete, a Howard," anatero anthu angapo nthawi imodzi.

Bakha mmodzi anadutsa pakati pa anthu, anasuzumira mumphika, n'kupitirira. Abiti Sumani anatsegula pakamwa kuti anene kuti mwadzimvera nokha, koma Che Uladi anali ataimirira, zimene pa miyendo imeneyo zinatenga nthawi.

"Achemwali, dikirani." Anakanda kumutu pansi pa chisoti. "Mankhwala anu aja ine sindinkamwera tsempho. Ndinkamwera mchere. Therere lija ndinkadya chifukwa ndi therere. Mkazi wangayu ndikumudziwa, ndipo a Howard ndikuwadziwanso, taonani nokha." Anthu anawayang'ana a Howard, a Howard n'kukonza tayi. "Ndinkadziwa kuti nkhaniyi ndi yabodza chiyambire. Koma ndinaona kuti ikatha, therere lithanso. Ndiye ndinati mmm."

"Achimwene, matenda akuyankhulitsani."

"Ayi, ndi manyazi. Ndipo poti tayamba, pa chiwaya cha tchipisi cha pamsika ndinapitapo kawiri." Anayang'ana mkazi wawo. "Katatu. Kabotolo ka Latif kaja ndinakafunafuna nyumba yonse, sindinakapeze. Wallahi, munthu wobisa chonchi akadakhala ndi chibwenzi palibe akadadziwa, ngakhale inu achemwali."

Wina anaseka, kenaka bwalo lonse. Abiti Sumani anatola kambale ka mchere kaja n'kunena kuti iwo anangobwera kudzaona matenda, ndipo ku Chowe nandolo akuwadikira. Azimayi amene ankayang'ana kumbali aja anayamba kumuyang'ana Zakia ngati amene angomuona kumene, koma iye sanawalabadire. Mkwiyo unali usanamuthere, ndipo maso ake anali pa mwamuna wake.

Che Uladi anakhala pansi pamkeka, anasamba m'manja, n'kukokera mphika pafupi. Zakia anawapakulira kambale kakang'ono, monga pepala linanenera, n'kufinyiramo ndimu limodzi la a Howard. Che Uladi anati Bismillah n'kuyamba kudya, anthu onse akuonerera. Sanayang'ane kudenga. Anatafuna kachidutswa kalikonse mpaka kutha, misozi ikulengeza, ndipo palibe akanatha kunena ngati inali ya chisoni kapena ya ndimu. Atamaliza anapukuta mbale ndi chala.

"Abiti Wadi," anatero, "zaka makumi atatu ndi zisanu mwandiphikira, koma zoipa ngati izi simunaphikepo."

"Ndikudziwa," anatero Zakia.

Che Uladi anakweza mbale ija ndi manja awiri. "Ndiwonjezereni."

Zakia anawalanda mbaleyo n'kuvundikira mphika.

"Pepala linati kambale kamodzi," anatero. "Zinazo mudya mawa, ndi mkuja, ndi chaka chamawa, pakhonde pompano."